Tsiku limene Lorenso Jasi anavomera misala

Lorenso Jasi, wokonza mafoni pa msika wa Nsanje, anabadwa ndi lilime losadziwa kugonja. Makolo ake anathawa nkhondo ku Mozambique, ndipo iye anakulira ku Ndamera, kumene Shire akasefukira sanena odi. Za makompyuta anadziphunzitsa yekha, nakondetsa mapulogalamu aulere, aja amene aliyense amaloledwa kuwatsegula, kuwasintha ndi kugawira anzake. Wonyoza mapulogalamuwo ankachoka pa benchi ya Lorenso dzuwa litapendeka, makutu atatopa, foni isanakonzedwe.

Chaka chimene mphekesera za anamapopa, anthu oyamwa anzawo magazi, zinagwedeza chigwa chonse, Lorenso anaitanidwa ku Blantyre kukayankhula pa msonkhano wa okonda mapulogalamu otere. Ananyamula chipangizo chodzipangira yekha: kabokosi ka batire ndi mawaya, kokhala ndi kapaipi koviika mumtsinje. Madzi akakwera, kabokosiko kankatumiza chenjezo m'mafoni.

"Chimagwira ntchito anthu ali m'tulo," anatero monyadira, "ndipo sachimva n'komwe."

Holo yonse inawomba m'manja. Anamuveka malaya a msonkhanowo, anamujambula zithunzi, koma mwa ophunzira onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti katundu wotereyu adutsa naye bwanji m'midzi imene anthu ankagona panja chifukwa cha mantha. Amene amati umbuli umakhala kumudzi kokha ayambe wayankha funso limenelo.

Pobwerera anatsikira pa Bangula kuti akayese chipangizocho ku dambo la Elephant Marsh, dera limene sankadziwikako. Anakwera kabaza wa bambo wina wa imvi, dzina lake Harold. Dzuwa lili paliwombo anapeza njira ya m'mudzi wina itatsekedwa ndi chipika. Amuna a zibonga ndi zikwanje anadzuka patsinde la msawu, patsogolo pali Simoni, msodzi amene maso anali atafiira ndi kulondera ana ake.

"Tsikani, akulu. M'chikwamamo muli ninji?"

Sanadikire yankho. Anachikhuthula, ndipo kapaipi kaja kanagwera m'fumbi n'kudzipinda ngati njoka. Onse anabwerera m'mbuyo.

"Chimenechi chimayamwa chiyani?" anafunsa Simoni.

"Sichiyamwa ayi, chimayeza," anatero Lorenso, nayamba kubwereza nkhani ya ku Blantyre ija mosaphonya liwu. "Ubwino wake, abale anga, chimagwira ntchito anthu ali m'tulo, ndipo..."

Chibonga chinamupeza pakamwa. Anagwa chagada, nalavula mano akutsogolo pamodzi ndi magazi. Mwala unamufika pakhutu, mapazi anamupondaponda m'nthiti mpaka mpweya unasowa polowera.

"Waulula yekha!" anakuwa wina. "Bweretsani petulo!"

Tayala lakutha linali litayamba kale kugubuduzidwa. Harold anadziwa kuti likamaliza mlendoyo, lotsatira ndi la womunyamula. Anaponya njinga, anakankha Simoni, nawomba Lorenso mbama yomveka kutsidya kwa dambo.

"Chitsiru iwe! Sindinakuuze kuti usiye kutola zinyalala?" Anatembenukira gulu lija. "Mukufuna kusenza magazi a wamisala? Uyu ndi mlamu wanga, mutu unazungulira kalekale. Amatola mawaya kudzala n'kumati akucheza ndi mtsinje. Onani!"

Anaponda kabokosi kaja ndi chidendene mpaka kanaphwanyika. Munalibe dontho la chilichonse.

Simoni ananjuta, nagwira Lorenso pakhosi pa malaya atsopano aja, nsonga ya chikwanje ili pansi pa chibwano.

"Nzoona, iwe? Umacheza ndi mtsinje?"

Lilime la Lorenso linayabwa. Bodzalo linali lachipongwe, ndipo mayankho olitsutsa anali atandanda kale m'mutu mwake. Koma fungo la petulo linali litafika m'mphuno.

"Eya," anatero, magazi akuyenderera pachifuwa. "Shire ndi amalume anga. Dzulo amandipempha fodya."

Kenaka munthu mmodzi anaphulika nako kuseka, ena n'kutsatira. Simoni anamutaya pansi, nalavula.

"Chotsani munthu wanuyo, madala. Muzimumanga."

Lorenso ali moyo mpaka lero. Khutu lamanzere silimva, ndipo kumisonkhano amapitabe, kukatsutsana ndi madokotala a makompyuta mawu akutulukira pampata wa mano. Koma amavomera kuti mkangano wa masana amenewo sanapambane, ngakhale anayesa kuuyambiranso. Harold akupalasa kulowera kuchipatala, mudzi uja utabisika kuseri kwa bango, Lorenso anadzutsa mutu.

"Komatu, madala, chija sichicheza ndi mtsinje. Chimayeza kuya kwa..."

"Takhalani chete, alamu," anatero Harold. "Kutsogoloku kuli chipika china."