Tsiku Lomwe Achemwali Anapopera Pamaso pa Alendo

Achemwali anga a Shagufta akhala akusoka zofunda zathonje kuno ku Multan kuyambira ali mtsikana. Ndi munthu wosalankhulalankhula, singano m'manja tsiku lonse, ndipo mphumu inawalowa m'fumbi la thonje lomwelo. Koma mawu oti mphumu sankatchulidwa m'nyumba mwawo. Alamu anga a Liaqat ankangoti, "Ndi kachifuwa chabe."

Matenda amodzi omwewo anayezedwa malo atatu, mayankho nkukhalanso atatu. Wogulitsa mankhwala pakona pa msewu wathu anangowayang'ana kumaso nkuwapatsa botolo la mankhwala a chifuwa. Sing'anga wa zitsamba anawagwira pamkono, akuti ndi kuzizidwa, asiye mpunga ndi chambiko. Onse awiriwo achemwali ankawanamiza kuti zimangobwera mwa apo ndi apo. Bodza linakathera kuchipatala chachikulu, poti kumeneko adokotala anawapatsa kachubu kuti auziremo ndi mphamvu zawo zonse. Kamuvi kake kanangosuntha pang'ono.

"Mayi, mphumu yanuyi ndi yaikulu," anatero adokotalawo. "Mankhwala opopera m'kamwawa muziyenda nawo kulikonse."

Atafika kunyumba, alamu anakwiya. "Kabotolo kakoko anthu akakaona, Mehwish adzakwatiwa ndi ndani? Aziti ndife banja la zifuwa zoola."

Mehwish ndi mwana wawo wamkazi yekhayo, ndipo alamu sankanama. Kwathu kuno akuchimuna amafufuza mpaka matenda a agogo ako. Ndiye achemwali ankakapopera kubafa, chitseko atatseka ngati akuba. Ine zinkandinyansa, sindibisa ayi.

Tsiku lomwe akuchimuna anabwera kudzaona mtsikana, alamu anafukiza lubani nyumba yonse, kukhitchini nako mafuta okazingira akufuka. Ati ulemu kwa alendo. Achemwali anakhala nawo alendowo pabalaza, mapewa akukwera ndi kutsika, milomo itayamba kuda. Ndinawanong'oneza kuti athawire kubafa. Anali atayamba kudzuka pomwe Mehwish analowa atanyamula tiyi.

Mwanayo anali atatseka pakamwa mwamphamvu, maso ali pansi. Podutsa pafupi nafe, tonse awiri tinamva kamluzu m'chifuwa mwake, kofanana ndendende ndi ka mayi ake. Ankameza chifuwa kuti alendo asamve, misozi ikulengeza. Palibe anamuuza kuti azitero, anangoonera pakhomo pomwepo.

Achemwali anakhalanso pansi. Anapisa dzanja m'malaya, kutulutsa kabotolo kaja, kukakhutchumula mosafulumira, nkupopera pamaso pa onse.

Mayi a mnyamata anaika kapu pansi. "Kodi zimenezi ndi zakumtundu?"

Achemwali anadikira kaye kuti mpweya ubwerere. "Zanga zinayamba ndi thonje. Koma mwana wangayu nayenso akubanika, ndamumva pompano, ndipo mawa ndikupita naye akamuyeze. Ngati kwanuko mpongozi amakapumira kubafa, neneranitu lero."

Alendo anatsanzika bwinobwino, koma maswiti omwe tinawaikira sanawakhudze. Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti kumeneko ndi kukana ukwati.

Chitseko chisanatsekeke nkomwe, alamu anayambapo. "Wamuphera mwana ukwati, iwe. Ukanangopirira pang'ono chikanakuvuta n'chiyani?"

"Ndamupheradi, bambo a Mehwish," anayankha achemwali akutolera makapu. "Kupirira kwangako ndi kumene mwanayu waphunzira. Ine ndinabisa mpaka adokotala anachita kudabwa kuti ndimakwera bwanji masitepe. Ameneyu sabisa, olo akalambire pakhomo pano."

Alamu anatembenukira kwa ine kuti ndiwathandize. Ndinawauza kuti akazimitse lubani wawoyo.

Chomwe chinandipweteka mtima ndi Mehwish. Mwanayu mnyamatayo ankamufuna, anali atamuonapo paukwati wa msuweni wake. Anadzitsekera kuchipinda, chakudya anakana, mayi ake atagogoda sanawatsegulire.

M'mawa mwake ndinalawirira kwa achemwali, ndikuganiza kuti Mehwish ndikachita kumunyengerera kuti apite kukayezedwa. Ndinamupeza ataima kale pakhomo, mpango uli kumutu, maso atatupa. Mayi ake sanawayang'ane. Anangoti, "Tiyeni, kuchipatala mzere umatalika."