Tsiku Limene Atate Sanalankhule

Ndikukumbukira dzinja limene ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, thonje litangomera m'munda mwathu kufupi ndi ku Mkaika. Anthu ankandiona ngati wamkulu chifukwa ndinali nditakhoza bwino mayeso, koma mumtima ndinali kamwana kodikirabe kuti atate akauze chochita. Chaka chimenecho ndinaitanidwa ku sukulu ziwiri za udokotala nthawi imodzi. Ina inali ku Lusaka, kumene ukakwera basi pa Katete m'mawa umakafika tsiku lomwelo. Inayo inali kutsidya kwa nyanja, kudziko lozizira kumene boma linkatumiza ana ochepa, ndipo anatiuziratu kuti wopita kumeneko asayembekezere kuponda kumudzi mpaka zitatha zaka zisanu ndi ziwiri.

Ndisaname, mtima wanga unkafuna kutaliko. Ndinkafuna kukwera ndege, ine amene ndinali ndisanapitirireko pa Chipata. Koma ndikangoganiza za atate, ndinkazengereza.

Atate anali a ku Vubwi. Anabwera kwathu kudzakwatira amayi, nakhala pachikamwini moyo wawo wonse. Anali munthu wamtali, woonda, wosachulutsa mawu. Anandipatsa dzina la amayi awo, Esinati, choncho ankanditchula kuti "amayi" kuyambira ndili kamwana ka mamina. Mtsinje ukadzaza, ndiwo ankandiwolotsa pamapewa kuti ndisajombe kusukulu, ine nditagwira makutu awo ngati mahandulo a njinga. Pofika chaka chimenecho anali atayamba kudwaladwala. Mapazi ankatupa, ndipo akalima mizere ingapo ankatsamira mpini wa khasu, kupuma movutika. Sindinafunikire kuphunzira udokotala kuti ndidziwe kuti zaka zisanu ndi ziwiri ndi zambiri kwa munthu wopuma chotero. Ndinadziuza kuti akangoti "khalani pafupi", ndipita ku Lusaka osatembenuka.

Koma kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Nkhani yaikulu ya mwana amagamula ndi mwini mbumba, mlongo wa amayi ake. Kwa ife mwini mbumba anali amalume a Lakisoni, amene anali ndi shopu ya zipangizo za njinga pa Katete. Munthu ameneyo Mulungu anamupatsa mawu a anthu atatu. Akamanong'ona, a nyumba yachitatu ankayankha.

Anabwera Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, amayi ndi azakhali pamphasa, amalume pampando wabwino wokhawo umene tinali nawo. Atate anakhala chapatali pa kagogo, akutokosa ndi kawaya kamwa ya pampu yopoperera thonje.

"Manje iwe Esinati, uganiza chani?" anayamba amalume. "Lusaka ni pafupi, inde. Koma pakadafunda padajiwitsa galu. Uzayamba kubwera kuno maliro alionse, munthu akangotsokomola iwe uli pa basi. Sukulu uzaphunzira liti? Pita kutali, mwana wanga."

Analankhula nthawi yaitali, mpaka mthunzi unasuntha ndipo amayi anakoka mphasa. Ananena zambiri za ine, za ubwana wanga, za zimene ndingadzakhale. Ine sindinamvetsere. Ndinkangoti awa ndi amalume ndi kudzitama kwawo, akufuna akauze anzawo pamsika kuti mphwawo ali kunja. Maso anga anali pa atate, ndikudikira kuti adzutse mutu. Sanadzutse. Pomaliza amalume anatembenuka nati, "Alamu, muli ndi mawu?"

"Mwatha onse, alamu," anatero atate, akuuzira kamwa ya pampu ija.

M'mawa mwake tinapita awiri kukapatulira thonje. Nthaka inali yonyowa, ikumata kuphazi, ndipo timbewu tinkazuka ndi kafungo kobiriwira kamene mpaka lero kamandibweretsera chisoni. Tinawerama m'mizere yoyandikana. Ndinapirira mpaka pakati pa munda, kenaka ndinaimirira.

"Atate, inu mukuti bwanji?"

"Eni mbumba alankhula, amayi. Mkamwini asamakule mwendo."

"Sindikufunsa mkamwini. Ndikufunsa atate anga."

Anapitiriza kuzula, nkhope italoza pansi. Patapita kanthawi anati, "Paphando ilo mwasiya zambiri. Bwererani."

Ndinabwerera ndikulira ndi mkwiyo. Ndinaganiza kuti munthu amene ndinali wokonzeka kumutayira ndege analibe nane kanthu, kuti kupita kwanga ndi kukhala kwanga zinali chimodzimodzi kwa iye. Sabata yomweyo ndinayankha kuti ndipita kutsidya kwa nyanja.

Tsiku lonyamuka ananyamula sutikesi yanga pa njinga mpaka pa Katete, akuima kawirikawiri kuti apume. Amayi analira mokweza. Atate anandipatsa kathumba ka nsawawa zokazinga, nandigwira chanza ndi manja awiri monga amachitira ndi mlendo wolemekezeka. "Muyende bwino, amayi," anatero. Basi itanyamuka ndinawaona akuwerama kuyang'ana tcheni ya njinga, ngakhale tcheniyo inalibe vuto.

Kumene ndinapita ndinaphunzira zonse zimene ndinkalakalaka, ndipo sindinganene kuti sindinasangalale. Koma ndikaimba foni kumudzi, atate ankangofunsa ngati kukuzizira ndi ngati ndikudya, kenaka n'kuti, "Nawa amayi anu." Anamwalira ndili chaka chachinayi, mkati mwa mayeso. Maliro a kumudzi sadikira ndege. Ndinalira ndekha m'chipinda, kunja kukugwa chipale chofewa, pakati pa anthu amene sankadziwa n'komwe kuti Katete ili kuti. Chimene chinkandipweteka koposa chinali chakuti apita osandiuza ngati ankandifuna pafupi.

Nditabwerako, nditakaona manda, ndinapita kukalonjera amalume ku shopu kwawo. Anali atakalamba, maso atachita khungu pang'ono, koma mawu anali omwe aja. Titacheza ndinawaseka, ngakhale mkati munali kuwawa.

"Amalume, ndinu munandithamangitsa pamudzi. Taonani, sindinaike atate anga."

 Amalume anasisita kauntala ndi chikhatho, kenaka analankhula motsitsa, Chichewa chakumudzi chokhachokha.

"Ine ndinkafuna Lusaka, mwana wanga. Ndinkati ukhale pafupi, tizikuona. Koma Lachisanu, ndisanabwere kumudzi Lamlungu lija, alamu anabwera pano pa njinga, mapazi ali chitupire. Anakhala apo, pa kreti iyo. Anati mwanayu mtima wake uli kutali, koma akuyang'ana mapazi angawa. Anandipempha kuti ndikakuuze upite. Zonse zimene ndinalankhula pansi pa mango paja anandiuza ndi iwo, ine ndinangowonjezera phokoso."

"Nanga bwanji sanandiuze okha?"

"Ndinawafunsa zomwezo. Anati mwambo ndi chifukwa chimodzi, koma chachikulu n'chakuti, ndikamuuza ndine adzandiyang'ana kumaso, ndipo akandiyang'ana sapita."

Ndinawapempha kuti andibwerezere zonse zimene ananena tsiku lija. Anayesa, koma ukalamba unali utadya zambiri. Anangokumbukira za galu uja, ndi chinanso chimodzi: kuti atate anati ndikadzakhala dokotala ndisadzachite manyazi kuti sindinawachiritse iwo, pakuti odwala mapazi ndi ambiri.

Lero ndimagwira ntchito pachipatala china kuno kum'mawa. Kawirikawiri mwana akadwala kwambiri kumabwera banja lonse. Amalume ake ndiwo amalankhula nane, kufunsa ndi kugamula, pamene bambo wake wakhala kumapeto kwa benchi, chipewa chili m'manja. Anzanga ena ochokera kwina amati abambo a kuno alibe chikondi. Ine ndikamaliza ndi amalume ndimapita kukakhala kumapeto kwa benchi kuja, chifukwa tsopano ndikudziwa kuti kwathu mawu a bambo amadutsira pakamwa pa mlamu wake, ndipo amene wakhala chete nthawi zina ndiye walankhula koyamba.

Anthu amandifunsa ngati ndikanasankha Lusaka ndikadadziwa. Sindidziwa, ndipo funso limenelo linasiya kundivutitsa. Chimene ndimalakalaka ndi chaching'ono. Atate anga, munthu wosachulutsa mawu, anandilankhula masana onse kamodzi kokha m'moyo wawo, nandiuza zonse zimene ankaganiza za ine. Ndinalipo, ndinakhala pomwepo pamphasa, koma sindinamvetsere.