Tsiku limene makadi anayamba kubwerera m'makina

Inu achinyamata a mpingo wathu muno mu Glasgow, makamaka amene ndimakuonani pa siteshoni ya Partick mutaweramira mafoni, mukubetcha n'kumati muli ndi luso, tcherani khutu. Ine ndinamuonapo munthu waluso lenileni pa njuga, ndipo ndinaonanso chimene anachita luso litamulandidwa.

Ndinaleredwa pa mishoni, kumene khadi likapezeka m'thumba mwako unkalima munda wa sukulu. Koma nditabwera kudzakhala ndi mwana wanga, namwino, ndinapeza mnansi wa makwerero amodzi, mkulu wachisikotishi wofooka miyendo, amene ankafuna wom'gwira mkono popita ku kasino, nyumba ya njuga, masana. Ndinkam'perekeza, ndi kuima kumbuyo kwake manja ali m'matumba.

"Mkulu wa mpingo," ankatero pondiseka, "pemphererani bokosi la makadilo, osati ine."

"Aneba, pemphero langa sililowa m'nyumba muno, limatsala pakhomo ndi ambulera."

Masewera ake anali bulakijaki: munthu amatola makadi kuti afike pa twente wanu osapyola, kupikisana ndi wogawa. Masiku amenewo wogawa ankasakaniza ndi manja, n'kuika makadi m'bokosi, ndipo otuluka ankaunjikidwa pambali kufikira bokosi litatha. Mkuluyo ankasunga m'mutu zimene zatuluka, motero ankadziwa ngati m'bokosi mwatsala makadi akuluakulu, amene amakomera wosewera. Ankakhala phee, kubetcha pang'onopang'ono, kenaka n'kukankha dzanja, kubetcha zambiri, bokosi likapsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sankapambana masiku onse, komatu kuona munthu akuwerenga za m'bokosi lotseka kunkandiimitsa tsitsi.

Chimene ankapitira sichinali ndalama. Mwana wake wamkazi ankati bambo ayamba kuiwala, asamukire ku nyumba yosamalira okalamba. Iye anam'lonjeza kuti tsiku limene bokosi lidzam'sokoneza, adzavomera kusamuka popanda mkangano.

Tsiku lina, titajomba nyengo yonse yozizira, tinapeza m'kasino mutasintha. Matebulo ena anali atasanduka magalasi ongodina, opanda munthu wogawa. Mkuluyo anasankha tebulo la mayi wina amene ankam'dziwa kale, nakhala pansi. Maso ake anali atayamba kuchita khungu, ndipo sanazindikire kuti pamalo pa bokosi panali chimakina chakuda. Ineyo ndinachiona, koma sindinadziwe tanthauzo lake.

Anawerenga monga mwa masiku onse, nakankha dzanja, makadi n'kutuluka ang'onoang'ono. Anawerenganso, zinakananso.

"Mkulu wa mpingo," ananong'ona, "mutu wanga wapita. Mwana uja amanena zoona."

Koma galu wamkota sakandira pachabe. Mkuluyo analeka kuyang'ana makadi, nayamba kutsata manja a wogawa. Anaona kuti otuluka sakuunjikidwanso pambali: mayiyo ankawatola n'kuwabwezera m'kamwa mwa chimakinacho, chimene chinkasakaniza osapuma.

"Mayi, amene mwatolawo akubwerera momwemo?"

"Eya bambo, gawo lililonse. Ndi mmene zilili tsopano. Nanenso manja angawa amasowa chochita."

Anaseka mpaka misozi. Kukumbukira makadi kunali kopanda ntchito pa tebulo limenelo. Katswiri ndi mlendo wolowa lero anali atafanana. Ine ndinkayesa kuti alimbana nacho, monga amachitira amuna akachita manyazi. Iye anangothokoza mayiyo, nafuna ndodo yake, nati tizipita. Ntchito imene anainola kuyambira unyamata wake anaisiya pomwepo ngati munthu wovula jekete.

Tinabwerera pa sitima ya pansi pa nthaka. Titafika kwake tinapeza mwana wake atabwera ndi zogula. Mkuluyo anatulutsa makadi m'kabati, nandipatsa ine.

"Sakanizani, mubise limodzi m'thumba, enawo mugwetse patebulo limodzilimodzi."

Manja amene anagwira buku la nyimbo moyo wonse anagawa makadi tsiku limenelo, ndipo sindichita nazo manyazi. Nditagwetsa lomaliza, mkuluyo anatsinzina pang'ono.

"Mfumukazi ya mitima."

Ndinapisa m'thumba. Khadi linali lomwelo. Mwana wake anakhala pansi, mkaka uli m'manja.

"Adadi, mwatheka bwanji?"

"Mutuwu ulipo, mwana wanga. Chimene asintha ndi tebulo."

Za kusamuka sizinakambidwenso chaka chimenecho, ndipo ku kasino sanapondekonso.

Tsono ana anga, ngati munthu wotero anaimirira, inu ndinu yani pamaso pa makina a m'foni amene simuona n'komwe mmene akusakanizira? Musanakhale pa tebulo lililonse, yang'anani manja a wogawa. Mukaona kuti nzeru zanu zilibe polowera, tengani chikhoto chanu muzipita kwanu.