Manja a amake Bwana

Pamdadada pathu pano, khomo lakumapeto pafupi ndi mpopi, pankakhala mayi woluka tsitsi. Saluni yake inali khonde lomwelo: mpando wapulasitiki womanga ndi waya, galasi long'aluka pakona, meshi yopachika pamsomali. Koma anthu ankachita kudutsa masaluni amagetsi kubwera kwa iyeyo, chifukwa cha manja. Ena aja akakuluka umagona chokhala, nsidze zili m'mwamba ngati wadabwa. Iyeyu ayi. Ana a eni ake ankagona tulo pamiyendo pake mutu usanathe.

Ana a eni ake, ndikutero. Wake yemwe sankafuna n'komwe kuti amukhudze.

Mwanayo tinkamutchula Bwana Mbulanda, kenako Bwana basi, mpaka mayi akenso anangosanduka amake Bwana. Anali wa zaka zinayi, wonenepa bwino, wamaso okongola, koma chovala chikangomukhudza ankakuwa ngati wamuthira madzi otentha. Kansalu ka saizi kaja kakuseri kwa kolala, msoko wa kabudula, chipeso, zonse kwa iye zinali minga. Mayi ake akati amusisite kumutu, mwana ankathawa n'kukadzipanikiza pakati pa matiresi ndi khoma. Kumeneko ndiye ankakhala phee.

Mayiyu anayesa zonse. Anadula tinsalu ta saizi, anamuveka malaya chotembenuza, anasintha sopo. Kunazale anamubweza mwaulemu: "Mayi, pepani, anzake ayamba kumutsanzira. Dzulo kalasi yonse inavula."

Bambo ake Bwana ndi dalaivala wa thiraki, munthu wa mawu ochepa, wofika pakhomo ngati mlendo. Wa mawu ambiri ndi mayi awo. Agogo amenewo amagulitsa kaunjika kutauni ina yakutali, ndipo ulendo uliwonse ankabwera ndi chikwama cha zovala za mdzukulu, n'kuzipeza zakale zija zikanali zopindapinda.

"Ine ndimaveka ana a tauni yonse, wanga yemwe azingoyenda ngati nsomba?" anatero tsiku lina. "Apongozi, mwanayu mukumulera ngati dzira. Mundipatse ine. Ndimuveka malaya n'kusokerera kumbuyo ndi singano. Alira, atopa, azolowera."

Makoma a pano ndi opyapyala, munthu akatsokomola kumapeto uko timamva tonse. Ndiye zimene ananena bambowo ponyamuka zinamveka mpaka pampopi: "Amake mwana, ndikadzabwera ulendo uno n'kumupeza ali chomwechi, ndikamusiya kwa mayi. Ndatopa n'kusekedwa."

Kuyambira pamenepo amake Bwana akatseka maso ankangoona mwana wake atasokeredwa m'malaya, akudzigudubuza pansi, akuitana munthu amene kulibe.

Kasitomala wina ndi amene anamulozera kuchipatala, kuchipinda cha mafizo, kowongolera ziwalo. Kumeneko anapeza mtsikana wovala yunifolomu, wamng'ono moti mayiyu anayamba wasuzumira kumbuyo kwake kufuna wamkulu. Mtsikanayo anamvetsera zonse, n'kunena kuti: "Mayi, mwanayu si wamwano. Khungu lake limamva mopitirira. Chimene inu mumamva ngati nthenga, iye amamva ngati nyerere zikumuyenda thupi lonse."

Anatulutsa kabulashi koyera kapulasitiki, kofewa, kokwana m'dzanja. Anagwira mkono wa Bwana molimba, n'kuyamba kuyendetsa kabulashiko kuchokera paphewa mpaka kudzanja, modinikiza, osakanyamula. Mikono, msana, miyendo. Kenako anamufinya mapewa ndi zigongono.

"Pamimba ayi, kumaso ayi. Kangapo patsiku. Ndipo muzidinikiza, mayi, osamusisita. Ana ena zimawathandiza, ena ayi, ndiye mudzabwerenso mudzandiuze."

Bwana anaima chilili, kukamwa yasa, osakuwa. Mayi ake anaona zimenezo. Koma anaonanso manja a mtsikanayo, ndipo mumtima anati: uyu sanaberekepo, akukwecha mwana ngati akutsuka poto. Ngati kabulashika kathandiza m'manja olemera chonchi, nanga m'manja mwanga?

Apa ndi pamene zinalakwikira. Anapatsidwa kabulashiko, ndipo atafika kunyumba anakayendetsa mmene amagonekera titsitsi tapachipumi pa mkwatibwi, pamwambamwamba, mwachikondi. Mwana anakuwa kukuwa kumene sitinakumvepo. Mayi anati ndamupweteka, n'kupeputsa dzanja. Mwana anamuluma. Anapeputsanso, mpaka kabulashi kankangopsompsona khungu. Bwana anayamba kudzikanda mikono mpaka magazi, akangoona chinthu choyera m'manja mwa mayi ake ankalowa kuseri kwa matiresi osatulukako.

Kuchipatala sanabwerereko. Akanakanena chiyani, kuti mlendo wamugwira mwana n'kukhala chete, mayi wake womubereka akamugwira akukuwa? Anayamba kuonda. Mizere ya m'mitu ya anthu inayamba kukhota, iye amene ankalemba mzere ngati ndi lula. Tsiku lina akuluka mayi wogulitsa makala, anangoima, chipeso chili m'mwamba.

"Si malaya ayi," anatero. "Ndi ineyo. Mwana wanga amadana ndi ine."

"Aa, amake Bwana, musatero. Mwana angadane ndi bere limene anayamwa?"

"Ndiye ndiuzeni chifukwa chake wa mafizo uja sanamulume."

Wamakala uja, pakamwa pake posatseka paja, anangoweramitsa mutu kuti amumalize kuluka.

Thiraki inafika m'mawa wina, dzuwa litangokwera. Amake Bwana anali akuluka aphunzitsi ena, mutu uli pakati. Anatsika bambo, anatsikanso agogo, atanyamula ovololo ya buluu. Pabulauzi pawo panali patabayidwa singano, ulusi uli kale pabowo lake, ukulendewera. Bwana anali pakhomo mmene anabadwira. Atangoona ovololo ija anathawira m'nyumba.

Bambowo sanakalipe. Anangoyang'ana pansi n'kunena kuti: "Mulongedzereni."

"Amayi," anatero amake Bwana kwa apongozi ake, "ndiloleni ndimuveke ndekha."

"Yesani. Singano ilipo."

Analowa n'kukankha matiresi. Mwana anaphiriphitha kuti athawe, mayi anamugwira mkono. Sikuti anaganiza chilichonse. Ankangodziwa kuti mwina aka n'komaliza kumugwira, ndiye dzanja linakana kupepuka. Kabulashi kanali pawindo. Anakatenga misozi ili chuchuchu, n'kukadinikiza paphewa, kutsika nako mpaka kudzanja, mwamphamvu, ngati munthu wofuna kusiya chizindikiro chake pathupi la mwana. Anabwereza. Kukuwa kuja kunatsika, kunasanduka kusisima, kenako kupuma chabe.

Bwana anatambasula mkono winawo.

"Kuno," anatero.

Mayi anaima kaye. Mawu a mtsikana uja anamufika ngati mbama: muzidinikiza, mayi. Masiku onse aja ankamuthira mwana nyerere ndi manja ake omwe, n'kumati akumukonda. Anamaliza msana, miyendo, anamufinya mapewa. Mwana anatsamira pachifuwa pake ndi thupi lonse, kulemera kumene mayiyu sanakumveponso chimusiyitsire kuyamwa. Ovololo inalowa. Mwana anaikoka pakhosi, anakwinya nkhope, koma sanaivule.

Atatuluka naye, mdadada wonse unali panja, aliyense akunamizira kuti akutunga madzi.

"Mwaona?" anatero agogo. "Wangomva fungo la agogo ake, wavala. Nanga akakhala nane mwezi?"

"Amayi, si choncho. Bambo ake mwana, ndimvereni. Ndadziwa pamene ndimalakwitsa. Ndimamusisita, pamene iye amafuna kumudinikiza. Mundipatse nthawi pang'ono, ndibwerere kuchipatala."

"Nthawi pang'ono munayamba kalekale kuipempha," anatero bambowo. "Mawa akavulanso? Ine ndidzakhala ndili pamsewu, anthu akundiimbira foni."

Mayi sakanalumbira kuti mawa savula. Ngakhale wa mafizo uja sanalonjeze.

Bambo anamugwira mwana padzanja, mwamphamvu mmene amagwirira chiwongolero, mwana n'kutsatira. Agogo pambuyo ndi chikwama. Amake Bwana anaima pakhonde, manja ali lende, akuyang'ana kamsana ka buluu kakupita kumsewu. Pafupi ndi thiraki Bwana anayamba kukoka kolala, dzanja la agogo n'kupita pabulauzi.

Mayi analowa m'nyumba chothamanga. Potuluka anali ndi kamtolo ka zovala m'khwapa, kabulashi m'dzanja.

"Amake Bwana, nanga mutu wangawu?" anatero aphunzitsi aja, theka lolukidwa, theka lili nyankhalala.

"Mundikhululukire, aphunzitsi. Mumangepo duku."

Anawapeza agogo atakwera kale, singano ili m'manja.

"Kwathu kulibe malo ogona, apongozi. Chipinda chadzaza mabelo."

"Ndigona pamabelo pomwepo, amayi. Koma singanoyo siimukhudza ine ndikuona."

Anakwera osadikira yankho, anamutenga mwana n'kumukhazika pamiyendo, kumukumbatira zolimba ngati katundu woti angagwe. Bambowo anayang'ana mkazi wake, anayang'ana mayi awo, n'kuliza injini. Agogo anali akuyankhulabe pamene thiraki inkakhota pakona.

Khomo anasiya pululu, madzi ali pamoto. Tinakaphula ndi kutseka ndife.