Parachuti Yakale ya a Gawie

A Gawie Labuschagne ankakonza mathirakitala mkati mwa sabata, koma Loweruka lililonse ankapezeka pa kabwalo ka ndege kunja kwa tauni ya Parys, akulumpha kuchokera m'mwamba. Anayamba akadali ndi tsitsi lonse, ndipo mpaka dazi linafika asanathyokepo ngakhale chala.

Parachuti yawo inali yachikale, yaikulu, yofiira mofwifwa. Mtundu umenewo unali ndi mbiri yoipa. Anthu ankati ikamatseguka imakugwedeza mpaka mano kuombana, ndipo ikakumana ndi kamvuluvulu imapindika mbali imodzi. Anzawo ankaitcha tenti ya pamaliro. A Gawie ankaseka nawo, koma mumtima zinkawawawa.

Chimene chinawapweteka zenizeni ndi Tertius, munthu amene iwo omwe anamuphunzitsa kulumpha. Tertius anagula parachuti yatsopano, yaing'ono, yothamanga, ndipo akamatera anthu ankasiya nyama pamoto n'kumuonerera. Kenako kunamveka kuti pa chionetsero cha zaulimi munthu mmodzi adzatsika ndi mbendera. A Gawie anali atailakalaka ntchito imeneyo zaka zambiri, ndipo nsanje inawasowetsa mtendere poganiza kuti ipita kwa Tertius. Anafuna kuonetsa kuti nawonso za masiku ano amazitha.

"Iwe, tandibwereka kansalu kakoko ndikayese," anatero tsiku lina.

"Madala, kameneka sikafuna manja akale," anayankha Tertius. "Zingwe za mabuleki ake mumakoka pang'onopang'ono mutayandikira pansi. Osati zanu zija zongokoka kamodzi n'kamodzi."

"Ukundiphunzitsa ine? Ndinayamba kulumpha iwe ukuyamwa."

Tertius anawabwereka, ndipo a Gawie anakwera ndege, n'kulumpha. Kansalu kanatseguka bwinobwino. Koma ataona nthaka ikubwera pa liwiro lomwe sanalizolowere, manja anachita zimene akhala akuchita zaka makumi atatu: anakoka zingwe zonse ziwiri mwamphamvu akadali patali. Kansalu kanaima, kenako kanawagwetsa ngati thumba la chimanga. Mwendo unathyoka malo awiri.

Tertius anakawaona kuchipatala, akukanda m'mutu.

"Madala, mbendera ija ndi yolemera. Ikufuna parachuti yaikulu, yotsika mwaulesi, ndipo pabwalo ponse ilipo yanu yokha. Akuluakulu a chionetsero anali atasankha inuyo. Ankati akuuzeni tsiku lomwe lija mukatera." Anakhosomola pang'ono. "Ndiye mungandibwereke?"

Tsiku la chionetsero a Gawie anakhala pa mtolo wa udzu, mwendo uli m'chikhakha. Anaona nsalu yawo yofwifwa ikutsika mwaulemu ndi Tertius, mbendera ikukupiza pansi pake, anthu akuomba m'manja. Mlimi wina wachilendo amene anakhala pambali pawo anawagunda ndi chigongono.

"Mwaona, bambo? Zinthu zakale n'zodalirika. Munthu ameneyu amadziwa kusankha."

A Gawie anafuna kunena kuti ndi yawo, koma anangovomera ndi mutu.