Khanda limene ndinabwera nalo kuchokera kumaliro

Ndinapita kumaliro ndili ndi ana awiri, ndinabwerako ndili ndi atatu.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Msanzala, m'nyumba ya pasukulu, chifukwa amuna anga anali mphunzitsi ndipo anawatumiza kumeneko kuchokera kwathu ku Chadiza. Zinali zaka zija zipani zitangochuluka kumene, m'masitolo a pa boma ku Petauke mutadzaza katundu amene kale tinkangomumva, ife n'kumangomuona ndi maso. Mwana wathu woyamba, mtsikana, anali atangoyamba sukulu. Wachiwiri, mnyamata, anali atayamba kuyenda koma adakali kubere.

Womwalirayo anali mnzanga wa kumpingo. Anachokera ku Mozambique ali mtsikana, kuthawa nkhondo. Nkhondo itatha, anzake ambiri anabwerera kwawo, koma iye anatsala, amvekere wazolowera kuno, munda wake wa mtedza sangausiye. Mwamuna wake ndi amene anapita kukaona ngati kwawoko kunali kokhalika, osabweranso. Anamusiya ndi pakati. Miyezi ikupita mnzangayo anayamba kuonda ndi kutsokomola. Masiku amenewo munthu akaonda choncho anthu sankatchula dzina la matenda. Ankangoyang'anana n'kunena kuti, "Ni zomwezi."

Anabereka mwana wamkazi, koma sanatuluke m'chikuta. Tsiku lomaliza limene ndinamuona ndinamupititsira phala. Sanamwe. Anandigwira chitenje n'kunena kuti, "Amai, nikapita, uyu musamusiye pansi."

Kumaliro khandalo linkayenda m'manja mwa azimayi. Uyu akalinyamula pang'ono ankapatsira mnzake, mnzakeyo n'kupatsiranso wina. Panalibe wolikana, komanso panalibe wolisunga. Litafika kwa ine ndinayang'ana kumanja kuti ndipatsire wotsatira, n'kupeza kuti wanyamuka kale. Linali lopepuka ngati mtolo wa thonje. Anthu atabwerako kumanda, akuluakulu a mpingo anafunsa ngati panali wachibale. Panalibe. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Ayambe wakhala kwathu."

Nditafika kunyumba, mtsikana wanga anadumphadumpha ngati ndamugulira chidole. Mnyamata anasuzumira m'nsalumo, n'kuloza panjira kuti mwanayo azipita. Amuna anga anali pakhonde akuchonga mabuku a ana. Anayang'ana khandalo nthawi yaitali, osaligwira.

"Amake mwana, mwaganiza bwino?"

"Sininaganize," ndinayankha.

"Nanga aba?" anatero akuloza ana athu ndi cholembera.

Funso limenelo ndi limene ndinagona nalo, kudzuka nalo, kwa nthawi yaitali.

Vuto loyamba linali mkaka. Mayi wina wachikulire wa kumpingo anabwera kudzationa, n'kundidabwa. "Mabele muli nawo, mkaka ulimo, muvutikilanji? Muyamwitseni!" Ine sindikanatha. Ndinkaona m'maganizo matendawo akuchoka m'kamwa mwa khanda, kulowa m'bere langa, n'kukathera m'kamwa mwa mnyamata wanga. Choncho ndinkawiritsa mkaka wa ng'ombe umene tinkautenga kwa mlimi wina, n'kumamumwetsa ndi kasupuni. Malipiro a amuna anga akabwera, tinkagula wa m'chitini ku boma. Koma thupi silimva za mantha. Khanda likangolira, mabere anga ankatuluka okha mkaka mpaka bulauzi kunyowa, ine ndili kalikiliki kupozetsa mkaka wa ng'ombe m'kapu. Mnyamata akaona choncho ankathamanga kudzakwera pamiyendo, kuyamwa uku akukankha khandalo ndi phazi.

Anzanga a pasukulupo anasintha. Mkazi wa mphunzitsi wina, amene ana ake ankaswera pakhomo pathu, anayamba kuwaitana akangofika. Tsiku lina pachitsime anandikokera pambali. "Amai, muli na mtima wabwino, koma matewela aja muzichapa na chani? Manja anu ali na ming'alu." Ndinayang'ana manja anga. Analidi ong'ambika chifukwa cha sopo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkavala mapepala a pulasitiki a shuga m'manja pochapa, n'kumanga ndi luzi m'mikono.

Mtsikana wanga yekha ndi amene analibe mantha. Akaweruka kusukulu ankaponya chikwama pakhomo n'kuthamangira pamphasa. Ndinkamuletsa kumupsompsona, iye ankadikira nditembenuke. Masana ena anadzicheka chala akusenda nzimbe, ndinamumanga ndi kansanza. Ndinapita kukaanula zovala, pobwera ndinapeza kansanza kali pansi, chala chodulidwacho chili m'kamwa mwa khanda, likuyamwa mwakachetechete.

Sindikumbukira zimene ndinakuwa. Ndikukumbukira kuti ndinamukoka mpaka kubafa, n'kutsuka chalacho ndi sopo, kutsukanso, kufinya kuti magazi atuluke, iye akulira kuti, "Amama, anali kulila! Nenze kumutonthoza chabe!" M'mawa mwake ndinawatenga onse atatu kupita kukachipatala kathu kakang'ono, wina kumsana, wina m'manja, wina akuyenda.

Namwino anali mayi wodekha wochokera kumpoto, Chinyanja chake chosakaniza ndi Chibemba. Anandimvetsera mpaka kumapeto, anayang'ana chalacho, n'kunena kuti matendawo sayenda m'malovu, ndisiye kuzunza mwana. Anandiuzanso kuti si mwana aliyense wobadwa kwa mayi wodwala amene amatengera.

"Ndiye mupimeni lelo tidziwe," ndinatero.

Anapukusa mutu. Anati magazi a khanda amakhala adakali ndi za amayi ake, kupima msanga kukhoza kunama. Tidikire mpaka akule, adutse chaka ndi theka. Ndinatuluka mtima utatsikako pa za chala, koma ndi katundu wina: kulera mwana osadziwa ngati ndikulera wokula kapena womutaya.

Mvula itayamba, khanda linatsegula m'mimba. Tsiku loyamba ndinati ndi mano. Lachiwiri linasiya kulira, n'kumangotsegula pakamwa popanda mawu. Nditaligwira pamutu ndinapeza liwombo lalowa ngati kambale. Ndinathamangira kukalasi, ndinaima pakhomo osagogoda. Amuna anga anangondiona nkhope, anasiya choko, n'kukatenga njinga. Ana tinawasiya kwa mayi wachikulire uja.

Msewu unali matope okhaokha. Tinakwera, kutsika, kukankha, kukweranso. Ine ndinali pakaliyala, mwana kumsana, ndipo kangapo ndinawauza kuti aime ndimve ngati akupuma. Pa kamtsinje kena madzi anali atadutsa pamwamba pa mlatho. Amuna anga anagoneka njinga pansi n'kunena kuti, "Mumasuleni, mubwele naye kuno." Aka kanali koyamba kumunyamula. Anamuika m'kati mwa malaya awo, pachifuwa, n'kulowa m'madzi ofika m'chiuno, ine ndikuwagwira lamba kumbuyo. Kutsidya tinapeza lole imene inatitenga mpaka ku Petauke. Njinga tinaisiya pomwepo, anadzatisungira anthu a m'mudzi wapafupi.

Kuchipatala anasowa mtsempha m'manja, anamumeta pambali pa mutu n'kumuika diripi pamenepo. Namwino wolemba anafunsa kuti, "Mwana ni wa ndani?" Ine ndinayamba kufotokoza za maliro, za ku Mozambique, koma amuna anga anandidula.

"Ni wanga. Lembani dzina langa."

Tinakhalako masiku angapo. Anachira. Titabwerera kunyumba anayamba kunenepa, masaya kutuluka, kukwawa mpaka kukagwetsa ndowa. Mnyamata anasiya kumukankha, anayamba kumubera chakudya, zimene kwa iye chinali chibale. Ine ndinayamba kupuma pang'ono, ngakhale akangotsokomola kamodzi mtima unkandithawa.

Kenako, nthawi yokolola thonje, Loweruka lina m'mawa, panafika bambo wina pa njinga, wamtali, wovala jekete ngakhale kunkatentha. Anakhala pampando umene tinamupatsa, anavula chipewa, n'kunena kuti wachokera ku Luembe, m'boma la Nyimba. Anali mlongo wake wa malemu mnzanga uja. Anasiyana pothawa nkhondo, iye anakakwatira kumeneko, ndipo za maliro anazimva mochedwa kwa ogula mbuzi. Nditamuyang'ana bwino ndinaona mphumi ya mwana wathu.

Kwathu, ndi kwa Ansenga a ku Petauke komwe, mwini mwana ndi malume. Panalibe chimene tikanakana. Ndinalowa kukhitchini ngati ndikukakonza tiyi. Amuna anga ananditsatira, ndinawanong'oneza kuti, "Abwela kudzamutenga." Sindinaone kuti mtsikana wanga anali kuseri kwa chitseko.

Tiyi atapsa, mlendo anapempha kuti aone mwana. Ndinalowa kuchipinda kumene ndinamugoneka. Pamphasa panalibe munthu. Chitenje choberekera panalibenso. Ndinaitana mtsikana, zii. Ndinafunsa mnyamata, anangoloza kunja konse ndi dzanja.

Kuseri kwa nyumba zathu kunali minda ya thonje, kumunsi kwake dambo lokhala ndi zitsime zosavindikira zimene anthu ankathirira madimba. Mtsikanayo anali wamng'ono, khanda linali litalemera, akalibereka ankayenda mopepesuka. Ndinathamangira kudambo ndikukuwa maina awo. Ndinasuzumira chitsime choyamba, ndinaona nkhope yanga yokha. Chachiwiri chinali ndi ndere, ndinatenga mtengo n'kuvundula, ndikupemphera kuti usagunde kanthu. Aphunzitsi anzathu anatuluka, ngakhale mayi uja amene ankaletsa ana ake anali m'thonje akuitana. Amuna anga anakwera njinga kulowera kumsewu. Dzuwa linafika pamutu tisanawapeze. Ine mawu anali atatha, ndinkangoyenda uku ndi uku minga ikundibaya osaimva.

Amene anawapeza ndi mlendo uja. Iye sanapite kudambo, anatsata timapazi pafumbi mpaka kusukulu. M'kalasi lina losagwiritsidwa ntchito munali madesiki othyoka ataunjikidwa pakona. Anabwera kudzanditenga, chala chili pakamwa kuti ndisachite phokoso. Tinasuzumira pawindo. Anali pansi pa madesikiwo, khanda lili mtulo pamiyendo, mtsikana akuingitsa ntchentche ndi tsamba. Atationa, mtsikana anakumbatira khandalo mwamphamvu mpaka linadzuka n'kulira.

"Musamutenge!" anakuwa akuyang'ana bamboyo. "Ni wathu! Amama anamupeza!"

Ndinagwa pansi pakhomo la kalasilo. Kumumenya sindinathe, kumunyamula sindinathe.

Titabwerera kunyumba, mlendo anamunyamula mwana wa mlongo wake, anamuyang'ana m'manja, m'mapazi, ndi pachipsera cha diripi. Misozi inkatsikira m'ndevu. Kenako analankhula ndi amuna anga.

"Aphunzitsi, sininame, nenze n'nabwela kumutenga. Mkazi wanga aniuza kuti nibwele naye mawa. Koma nikamuchotsa pano, nizapha ana awili." Anandibwezera mwana. "Nipempha chabe kuti azidziwa kuti ku Luembe kuli anthu ake. Asakule monga wogwa kumwamba."

Anagona kwathu. Mwezi wotsatira anabweranso, tinapitira limodzi ku ofesi yoona za ana ku boma, iye n'kukanena pamaso pa akuluakulu kuti wavomera kuti mwana akhale wathu. Zinatenga maulendo ambiri, mpaka kukhoti, koma sanatope. Ankabwera ndi nthochi pakaliyala, ndipo mtsikana wanga ankamulandira ataima patsogolo pa mng'ono wake, kufikira tsiku limene anakhulupirira kuti sadzamutenga.

Chotsala chinali kupima kuja. Nthawi itakwana ndinazengereza. Ndinkati tidikire akolole, tidikire sukulu itseke, tidikire chimfine chithe. Mwana anali akuyenda, akunditchula amama, ndipo ndinkaona kuti kusadziwa kuli bwino kusiyana ndi kumva chimene ndinkachiopa. Amuna anga ndi amene tsiku lina anangomuveka nsapato n'kunena kuti tiyeni.

Anamutenga magazi, n'kutiuza tsiku lobweranso. Masiku apakatiwo ndinkapsereza ndiwo, kuthira mchere kawiri. Tsiku litafika tinakhala pabenchi panja pa kachipinda, anthu akulowa mmodzimmodzi, ena akutuluka atagwira kumaso. Mwana ankasewera ndi zingwe za nsapato za bambo ake. Atatiitana, amuna anga anachita kundidzutsa.

Mayi wa m'kachipindamo anatseka chitseko, anatifunsa ngati tili okonzeka, n'kuyamba kufotokoza zambiri zimene sindinamve ngakhale chimodzi. Ndinkangoyang'ana pakamwa pake. Kenako anati, "Alibe."

"Alibe chani?" ndinafunsa.

"Alibe kachilombo, amai. Mwana wanu ali bwino."

Ndinamupempha kuti anenenso, ananenanso. Amuna anga anaseka kuseka kwachilendo, kenako anatulutsa kampango n'kubisa nkhope. Mwana anatopa nafe, anatsika pamiyendo n'kuyamba kukoka chitseko kuti atuluke.

Panja panali amayi ogulitsa zitumbuwa. Tinamugulira chimodzi, anachidya theka, theka n'kupatsa galu. Tinayenda mpaka pokwerera magalimoto. Titakhala pansi kudikira ya ku Msanzala, ndinatsamira thumba la chimanga la munthu wina, ndipo ndinagona tulo masanasana, pakati pa anthu, mpaka amuna anga anachita kundigwedeza kuti galimoto ikunyamuka.