Ndabwerera ku Sande Sukulu

Ndili ku Sande sukulu, pansi pa mtengo wa mango, koma ndavala taye ya kuntchito. Ndakhala pa njerwa, mawondo akufika pachibwano. Akutiphunzitsa ndi Mayi Nabanda, amene tinawaika m'manda kalekale. Anyamula nkhuku yoyera yomwe ili mtulo.

"Iwe, tipempherere," akutero akundiloza.

"Mayi, masiku ano sindikudziwa ngati alipo wondimva."

Ana sakuseka. Mayi Nabanda akundipatsa nkhuku ija kuti ndiwagwirire. Kamtima kake kakugunda m'zikhato zanga.

"Ingomuuza zomwezo, mwanawe. Tsinzina."

Ndikutsinzina. Mvula ikuyamba, yofunda ngati madzi osamba, ndipo palibe akuthawa. Ndikumuuza Mulungu zomwezo. Ana onse akuyankha mokweza, "Ameni!"

Ndadzuka mtima uli phee, milomo ikuyendabe.